Chitupa cha Munthu Wakufa

Amene anamangitsa ababa anga ndine. Ndiyambire pamenepa, chifukwa kwa zaka zambiri nkhaniyi ndakhala ndikuiyambira pakati, pamene ine sindikuoneka.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Zengeza 4 ku Chitungwiza, kufupi ndi Harare, m'kanyumba ka zipinda zinayi kamene ababa anakapeza akugwira ntchito ku fakitale ya fodya. Amayi anali atamwalira. Ine ndinali nditabwerera pakhomo ndi ana anga awiri ukwati utatha, ndipo ndinkagulitsa zovala za kaunjika pafupi ndi mashopu a ku Zengeza 2. Ababa ankasoka pakhonde la shopu ina moyang'anizana ndi benchi langa. Makina awo anali akale, opalasa ndi mwendo. Amagetsi ankawakana, ati magetsi a kuno amabwera ngati mlendo, osadziwika tsiku. M'mawa tinkapita limodzi, iwo patsogolo akukankha wilibala ya makina, ine m'mbuyo chimtolo chili pamutu.

Ababa anali munthu wamtali, woonda, wa chipsera chachitali patsaya lakumanzere chimene lamba wa makina a ku fakitale anawasiyira. Sankamwa mowa, sankayenda m'makomo mwa anthu, ndipo mawu awo anali owerengeka. Chishona chawo chinali chopindika ngakhale anafika m'dziko lino ali mnyamata, ndiye pothawa kusekedwa ankangoyankha ndi mutu. Anthu ankawaitana kuti achimwene, monga amaitanira Mmalawi aliyense kuno. Akutchalitchi ankawaitana ndi mfunda wawo. Dzina lawo loyamba palibe ankalitchula. Mwana woleredwa bwino satchula dzina la bambo ake, ndipo ine ndinkangoliona pachitupa chawo ndi pakalata yanga yobadwira.

Tsiku lina masana malonda atavuta, pafoni panga panalowa chithunzi chimene chinkazungulira m'mafoni a anthu sabata imeneyo. Chinali cha mwamuna wina amene ankafunidwa chifukwa chopha anthu pankhondo ya m'dziko lina la kumpoto kutali uko, zaka zambiri zapitazo. Ankati anathawa, ndipo akubisala m'maiko a kuno kummwera ndi dzina la munthu wina. Pansi pake analemba kuti wothandiza kuti agwidwe adzalandira mphoto ya madola a ku America, ndalama zoti ungagule nazo nyumba zonse za mumsewu wathu n'kutsalabe ndi chenji. Munthuyo anali woonda nkhope, wa chipsera patsaya.

Ndinayang'ana chithunzi chija, n'kuyang'ana ababa pakhonde paja akulimbana ndi kulowetsa ulusi m'singano, diso limodzi atatsinzina. Ndinaseka mpaka misozi. Sikuti ankafanana kwenikweni ayi, kungoti chipsera ndi kuondako. Koma ine nthabwala ikandifikira pakamwa sindiimeza, ndi matenda anga kuyambira ndili mwana. Ndinawajambula ababa mobisa, n'kuika zithunzi ziwirizo pamodzi, n'kutumiza ku gulu lathu la pafoni la amayi ogulitsa pamsika. Pansi ndinalemba kuti, "Amayi, ine ndalemera. Mawa musandipatsenso moni." Anaseka onse. Wina anati adzandiperekeza kukatenga ndalamazo pawilibala ya ababa yomweyo. Pofika madzulo ndinali nditaiwala kale.

Anabwera patatha sabata imodzi, dzuwa lili pamutu, msika utadzaza. Anali apolisi atatu osavala yunifolomu. Ababa anali akupinda kabudula wa sukulu wa mwana wa munthu wina.

"Mudhara, simukai tiende," anatero mmodzi wa iwo m'Chishona, kuwauza kuti aimirire azipita nawo.

Ababa anaimirira. Anafunsa mwaulemu ngati angamalize kaye msoko, chifukwa mwini kabudula abwera madzulo. Amunawo anangowalowetsa m'galimoto yawo. Ine ndinasiya benchi, ndinathamanga n'kukagwira chitseko cha galimoto.

"Mukuwatengera chiyani? Vaita sei baba vangu? Munthu wokalamba ngati uyu walakwa chiyani?"

Anandichotsa manja pachitseko ngati akuchotsa nkhupakupa, n'kundiuza kuti ndikamve zonse ku ofesi. Nditatembenuka ndinaona amayi anzanga aja ataima chilili, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyang'ana m'maso. Pomwepo ndinadziwa kuti ndi chithunzi changa chija.

Ku polisi ndinapeza wapolisi wachikulire, munthu wofatsa, wotopa ndi ntchito. Anati wina waimba foni kufuna mphoto ija, ndipo nkhani yotere sangaitaye osaifufuza. Iye mwini sankaikhulupirira. Chitupa cha ababa chinali patebulo, chachitsulo chija chokhala ndi chizindikiro choti mwini wake ndi mlendo, ndipo nkhope ndi zala zinali zawo ndithu.

"Amai, musatye," anatero, kundilimbitsa mtima. "Ameneyu ndi Mmalawi, ndamumva m'kamwa. Ingobweretsani munthu wamkulu mmodzi amene anamudziwa kalekale, nkhondo imeneyo isanachitike, asaine, mdala akagone kwawo."

Ndinatuluka ndikuthokoza Mulungu, ndikudziona wanzeru, chifukwa mboni yotero ndinali nayo. Ku Zengeza 2 kunali mkulu wina amene tinkamutchula kuti amalume ngakhale panalibe ubale wa magazi. Anachokera mudzi umodzi ndi ababa ku Dedza. Anali mkulu wa mpingo komanso wapampando wa bungwe lathu la maliro, munthu woti chibadwire bodza sanalilawe. Khutu limodzi linali logontha, ndiye ankalankhula ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Atamva, anavala jekete ndi tayi, Baibulo m'khwapa, ndipo tinapita.

Anawabweretsa ababa opanda nsapato, opanda lamba, thalauzi atagwira ndi dzanja. Amalume atawaona anapsa mtima. Anaika Baibulo patebulo n'kusanjika dzanja ngakhale palibe anawauza kutero.

"Bwana, uyu ndimamudziwa kuyambira tili ndi mamina! Tinkaweta mbuzi limodzi. Bambo wake ndimawadziwa, mayi wake ndimawadziwa. Ameneyu sanaphepo ngakhale nkhuku ya Khirisimasi, amaitana ine. Dzina lake ndi..."

Ndipo anatchula dzina. Silinali la pachitupa.

Cholembera cha wapolisi chinaima. "Mati ani?" anafunsa m'Chishona, kufuna kulimvanso dzinalo. Amalume, poganiza kuti wapolisinso ndi wogontha, anabwereza mokweza koposa.

Dzinalo ine ndinkalidziwa bwino. Chaka chilichonse mvula isanagwe, ababa ankanditenga kupita kumanda akale a ku Harare kukalambula manda a m'bale wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Ankati anali mng'ono wawo. Pamandapo panali kachikwangwani kachitsulo, ndipo ababa ankakapenta okha chaka ndi chaka kuti dzina lisafufutike. Linali dzina lomwelo. Ndinaseka kaseko konyenga, n'kunena kuti amalume akalamba, asokoneza amoyo ndi akufa, ameneyo ndi mng'ono wawo wa kumanda.

Wapolisi anatembenukira kwa ababa. Anati nkhani ndi yosavuta, mwini wake anene yekha kuti ndi ndani.

Ababa anayang'ana Baibulo lija, dzanja la mnzawo lidakali pamwamba pake. Anayang'ana chitupa. Kenako anayang'ana pansi pamapazi awo opanda nsapato, osayankha kanthu.

"Ababa, yankhani!" ndinakuwa. "Kungotchula dzina lanu basi! Mwatani kodi?"

Ababa anangokoka thalauzi lawo lija kuti lisagwe. Wapolisi anapuma mozama, n'kutseka cholembera. Anati tsopano nkhani yamukulira. Uthenga uja unkati munthu wofunidwayo akukhala ndi dzina la munthu wina, ndipo apa pali mdala wa chipsera, wa maina awiri, wokana kunena kuti lake ndi liti. Mawa lake anawatumiza ku Harare, ku limandi.

Zoona zake ndinazimva patatha masiku atatu, kudzera pawaya wa malo oonera akaidi, anthu akukuwa mbali zonse. Ababa analankhula motsitsa, ine khutu nditaligunditsa pawaya. Anati amene anayamba kubwera kuno anali mkulu wawo. Iyeyo ndiye anali ndi chitupa, ntchito ya ku fakitale ndi bedi ku komboni. Iwo anamutsatira ali mnyamata, opanda pepala lililonse. Patangotha chaka mkulu wawoyo anadwala chifuwa n'kumwalira. Akuluakulu a kumudzi anakhala pansi nati tikanena kuti wamwalira ndi mwini chitupa, ntchito yatha, mnyamatayu amugwira, ndipo mayi wawo wamasiye kumudzi adzadya chiyani? Ndiye anaika mkulu m'manda ndi dzina la mng'ono. Lolemba lake mng'ono anapita ku ntchito ndi chitupa cha mkulu. Kapitawo sankayang'ana nkhope, ankayang'ana nambala. Zitupa zatsopano zitabwera, ababa anajambulitsa nkhope yawo ndi zala zawo pansi pa dzina lomwelo.

"Ambiri tinkachita choncho, mwanawe," anatero. "Amalume ako ananyamula nawo bokosi. Akudziwa zonse. Koma tikakhala awiri, popemphera, amanditchula dzina limene mayi anga anandipatsa. Ukalamba wawaiwalitsa kuti ndi chinsinsi."

"Nanga bwanji simunangonama? Mawu amodzi okha!"

"Dzanja lawo linali pa Baibulo. Ndikanati akunama?"

Ndinapsa mtima moti ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawagwedeza ndi waya yemweyo. Zaka zonsezi akhala akunama kwa boma tsiku ndi tsiku, koma tsiku limodzi lofunika bodza, iwo ndi pamene anapeza chikumbumtima.

M'kombi, minibasi ya kuno, pobwerera ndinayesa njira zonse m'mutu, ndipo iliyonse inali yotseka. Akanena zoona, ndiye kuti avomera mlandu wa chitupa chabodza. Pamenepo ndi ndende, kenako kuwathamangitsira ku Malawi, dziko limene sanalipondenso chichokere, kumene owadziwa onse anagona kalekale. Nyumba ya ku Zengeza 4 inali m'dzina la pachitupa. Kalata yanga yobadwira inali ndi dzina lomwelo, ndipo makalata a ana anga anatuluka pakalata yanga. Kukoka ulusi umodziwo, chovala chonse chikanasosoka. Koma akapitiriza kukhala chete, apolisi akanapitiriza kuganiza kuti agwira chigawenga chachikulu, ndipo ankati akhoza kuwakweza ndege kupita nawo kukaweruzidwa kunja. Ndinagwira njakata.

Anakhala m'menemo milungu isanu ndi iwiri. Tsiku lililonse lololedwa ndinkakwera kombi ndi kakontena ka chakudya, kuima pamzere, kusechedwa, kuwaona kwa kanthawi kochepa, kubwerera. Anayamba kutsokomola. Mapazi anatupa. Ankafunsa za kabudula wa sukulu uja, ngati mwini wake anamutenga.

Kunyumba nako kunali ndende ina. Anthu ankadutsa pamsewu wathu dala, kuima pageti n'kujambula nyumba. Amene ababa anawasokera madiresi a ukwati ankati iwo anali atakayika kale, munthu wanji wosaseka, wosamwa, wosanena za kwawo. Ana anga anasiya kupita kusukulu chifukwa anzawo ankawatchula adzukulu a wopha anthu. Pamsika palibe ankagula pabenchi langa. Gulu lija la pafoni linangoti zii, ndipo wina anafufuta uthenga wanga uja ngati kuti zikanathandiza.

Ndinkafunitsitsa kudziwa amene anaimba foni. Ndinkayang'ana nkhope iliyonse n'kuiweruza. Pamapeto pake ndinagwera pa loja wathu, mayi wachete amene ankachita lendi chipinda chathu chakumbuyo, chabe chifukwa sabata imeneyo anagula mbaula yatsopano ya gasi. Ndinamutukwana pamaso pa anthu, n'kumutulutsira katundu panja. Analira, analumbira, ine osamva. Mbaula ija ndinadzamva pambuyo pake kuti anamugulira ndi mchemwali wake. Mpaka lero sindikudziwa amene anaimba foni, ndipo mayi uja sindinamupepese chifukwa sindidziwa kumene anapita.

Zala za ababa zinatumizidwa kutali, ndipo yankho linabwera loti si iwo. Anthu amene ankamudziwa wofunidwayo anaona zithunzi nati sanafanane n'komwe, ngakhale msinkhu wake. Ndinaganiza kuti zatha. Koma anatiuza kuti za nkhondo zatha inde, za maina awiri zija sizinathe. Munthu sangatuluke asanadziwike kuti ndi ndani.

Njira inatsala imodzi, ndipo anaitchula ndi ababa okha, pawaya pomwe paja, osandiyang'ana. Anati ndipite kwa osunga kaundula wa kumanda kuja ndikatenge kalata, ndijambulenso kachikwangwani. Ndinapita. M'buku lakale lamasamba ofiirira munalembedwa bwinobwino kuti mwini dzina lija anamwalira ndipo anaikidwa pamalo akutiakuti. Ndinatenga kalata yosonyeza kuti ababa anga anafa kalekale, n'kuisunga m'chikwama mosamala ngati mankhwala.

Chinatsala n'choti amalume abweze mawu. Ndinawapeza atakhala pakhonde, ataonda. Ndinagwada monga mwa mwambo, koma mawu anga sanali ogwada.

"Amalume, munawalowetsa ndinu. Mukawatulutse."

"Ukuti ndikalumbire bodza, mwana iwe? Ine?"

"Ndikuti mnzanu akufa ndi chifuwa mmenemuja. Mukufuna munyamule bokosi lachiwiri?"

Ndinanena kuti munawalowetsa ndinu, osaphethira n'komwe, ndikudziwa bwino lomwe amene anayambitsa. Amalume anapita. Anakweza dzanja n'kulumbira kuti ndi okalamba, mutu suyendanso bwino, anasokoneza munthu ndi mng'ono wake amene anamwalira. Nthawi imeneyi analankhula motsitsa moti anawauza kuti abwereze. Ababa anasaina pepala lonena kuti dzina lija ndi la mng'ono wawo, malemu.  Madzulo ake tinakwera kombi limodzi kubwerera ku Chitungwiza, nsapato zawo zili m'manja chifukwa mapazi sankalowa. Lamulungu lotsatira amalume anatula pansi udindo wa ukulu wa mpingo osanena chifukwa, ndipo kwathu sanapondekonso.

Ababa sanabwererenso pakhonde la shopu. Makina anawaika m'chipinda chawo, katani atatseka, n'kumasoka zovala za adzukulu zokha. Galimoto ikaima pageti ankasiya kupalasa mpaka itachoka. Chitupa ankagona nacho m'thumba la malaya. Anthu omwe aja anayambanso kupereka moni ngati palibe chinachitika, ena n'kumati iwo ankadziwa kuti achimwene ndi osalakwa. Ine ndinkaphika, kuchapa, kuwathira madzi ofunda m'beseni la mapazi, ndipo tsiku lililonse ndinkati ndinena lero. Pakamwa pomwe paja posameza nthabwala panalephera kutulutsa mawu awiri okha oti ndinakumangitsani ndine.

Mitambo itayamba kusonkhana chaka chimenecho, ababa anandiuza kuti ndipeze kachitini ka penti yoyera ndi kabulashi. Kanali koyamba kutuluka pageti chibwerere. Tinafika kumanda cha m'mawa. Ine ndinalambula udzu, iwo anakhala pamwala akupuma movutikira. Nditamaliza ndinagwada pafupi nawo, khasu lili m'manja.

"Ababa, chithunzi chija ndinatumiza ndine. Ndinkangoseka. Ndine ndinakumangitsani."

Anatsegula chitini cha penti ndi msomali, pang'onopang'ono, n'kuyamba kutakasa ndi kamtengo.

"Ndikudziwa," anatero. "Wapolisi anandionetsa tsiku loyamba lomwe, iwe usanafike. Anandifunsa ngati ndikumudziwa amene anandijambula. Ndinaona kuti anajambulira pabenchi lako. Ndi mawu ako pansi pake, oti walemera."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati sindikumudziwa."

Pamenepo panalibe Baibulo patebulo, ndinaganiza choncho, koma sindinaseke. Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, ndipo iwo anandileka ndilire. Sanandikalipire, sanatinso ndakukhululukira. Anangopitiriza kutakasa penti.

Nditakhala chete anati, "Tamvera. Tsiku langa likadzafika, pachikwangwani udzalembe dzina la pachitupa. Usadzalakwitse chifukwa cha chisoni, nyumba ingakuthawe ndi ana. Langa lili kale apa, lakwana."

Anaviika kabulashi n'kuyesa kufikira kachikwangwani, koma analephera ndipo penti inadonthera pansi. Anayesa kachiwiri. Kenako anandipatsa kabulashi kaja.

"Lemba ndiwe. Utsatire m'mene mwadutsa akalewo."

Ndinagwada pamanda paja n'kuyamba kudutsa pamalemba ofufutika, limodzi ndi limodzi. Dzina limene sindinawaitanepo nalo, limene sangaliyankhenso pamaso pa munthu aliyense, ndinalilemba ndi dzanja langa pamanda, mwini wake ali pambali panga akutsokomola, akundiuza kuti ndawonjeza penti.